Boti Linali Limodzi Lokha

Ndinalota tsiku la mayeso litafika. Anali mayeso aja amene amayesa apolisi ofuna kukwezedwa kuti akatsogolere anzawo m'boma lonse. Si a pepala ndi cholembera ayi. Amakulowetsa m'chipinda, amakupatsa mapu ndi ovaova, wailesi ya m'manja ija yolankhulirana apolisi, amakuuza kuti kwagwa ngozi yakuti, ndipo akuluakulu amakhala phee kuonerera mmene ulamulire.

Tinalipo asanu ndi mmodzi pabenchi, pakhonde la sukulu ya apolisi, dzuwa lili paliwombo. Woyamba kulowa anatuluka nsidze zitapsa, akununkha utsi. "Msika," anatero, n'kukhala pansi kuyamba kukhuthula phulusa m'matumba. Wachiwiri anatuluka atanyamula miyala m'chipewa, tizidutswa ta magalasi tili mbuu m'tsitsi. Palibe anamufunsa. Tonse tinadziwa kuti iye amupatsa zipolowe.

Kenako chitseko chinaitana dzina langa. Chinalitchula lonse, ndi udindo womwe: "Inisipekita Lufina Kapalamula." Chinanenanso kuti ndivule jombo. Ndinazivula n'kulowa wopanda nsapato.

Pansi panali ponyowa. Kuseri kwa tebulo lalitali kunakhala ondiyesa awiri. Woyamba anali mayi wa nyenyezi zambiri pamapewa, amene nkhope yake sindinaidziwe. Wachiwiri ndinamudziwa. Anali Bwana Chikakuda.

Bwana Chikakuda ndiwo ankatsogolera apolisi m'boma lathu zaka zisanu zapitazo, chaka chimene mtsinje wa Nadzimwe unasefukira. Amuna anga, Sajeni Elifala Kapalamula, anapita ndi madzi tsiku limenelo. Boti linali limodzi, ndipo Bwana Chikakuda analitumiza kwina. Pamaliro atatambasula dzanja kuti andipepese, ine ndinayamba kukonza mpango kumutu mpaka dzanjalo linabwerera lokha. Atamwalira chaka chatha sindinapite kukawaika. Tsopano anali pamenepo, atavala suti yakuda, tsitsi litapesedwa bwino, manja ali patebulo.

Ndinachita sawatcha moyang'ana khoma la pakati pa awiriwo.

Mayi uja anawerenga papepala: "Zonse muone muno n'zongoyerekeza. Palibe afe. Ife tikufuna kuona ngati mukumvetsa zimene zikuchitika, ngati mukulamula m'nthawi yake, ndiponso ngati anthu anu akukumverani. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

"Yambani."

Patebulo panali mapu a boma lathu. Pamwamba pa mapuwo panaima kamtambo kakuda, kukula kwake ngati pilo, ndipo kankagwetsa mvula pamapu pokhapo. Mzere wabuluu wa Nadzimwe unayamba kutupa ndikuona. Unasanduka wofiirira, unameza mlatho, unalowa m'minda, kenako madzi anafika kumapeto kwa tebulo n'kuyamba kudonthera pamapazi panga. Anali ozizira, onunkha matope ndi mapesi owola.

Nditadzutsa mutu ndinapeza khoma la kumbuyo kulibe. Panangotsala felemu ya chitseko itaima yokha, ndipo kuseri kwake kunali mtsinje weniweniwo, ukudutsa ndi mitengo, madenga a udzu ndi mbuzi.

Ovaova inali pakona ya tebulo. Inati, "Ndinyamuleni, bwana. Muli anthu mwa ine."

Ndinainyamula.

"Likulu, muno ndi Konsitabulo Dzoole, woyendetsa boti," anatero mawu oyamba. "Pasukulu ya Mtondo pali anthu makumi anayi ndi atatu padenga. Khoma limodzi lagwa kale. Njerwa zake n'zosawotcha, zikusungunuka. Pakufunika maulendo atatu, ndipo mafuta ndili nawo a maulendo atatu omwewo basi. Ova."

Ntchito ndinkaidziwa. Ndinapempha helikopita, anandiyankha kuti mitambo yatsika kwambiri. Ndinapempha boti lachiwiri, anati msewu waduka pawiri. Ndinauza achipatala kuti akonze mabedi ndi mabulangete. Ndinatumiza malole awiri kuphiri la kutchalitchi, kumene opulumuka azitsikira, ndi apolisi anayi oti akatseke msewu wa kumlatho kuti anthu asapite kukaonerera. Mawu anga ankatuluka owongoka. Cholembera cha mayi uja chinkayenda papepala chikunong'ona chokha kuti, "Bwino, bwino."

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiuze Dzoole anyamuke, pomwe ovaova inakhosomola. Inakhosomola kawiri, kachiwiriko motsitsa, monga ankachitira munthu mmodzi yekha padziko lino asanayambe kuyankhula.

"Likulu, likulu. Muno ndi Sajeni Kapalamula. Mukundimva? Ova."

Munthu akamwalira, nkhope imatsala pazithunzi. Mawu ndiwo amathawa. Zaka zisanu ndakhala ndikuwafunafuna mawu amenewo, ndikuchapa, ndili m'minibasi, ndili paperete, ndipo nthawi zonse ndinkangopeza anga omwe akuyerekeza. Tsopano anali m'dzanja langa, athunthu, ndi kusasa kwawo kuja kwa munthu wongodzuka kumene.

"Ndikukumvani, Sajeni. Nenani."

"Ndili mumtengo wa mkuyu kumunsi kwa mlatho. Anthu awiri amene ndinawatsatira ndawakankhira kumtunda, apulumuka. Ine madzi andibweza. Afika panthambi yomwe ndakhalapo. Mtengo ukugwedera. Ova."

"Muli nokha?"

"Ndili ndekha, bwana. Pali njoka panthambi ya pamwamba, koma tagwirizana kuti aliyense asamale zake."

Ankanditchula bwana. Pamene ankamwalira iwo anali sajeni, ine ndili konsitabulo wamba, ndipo ndiwo anandiphunzitsa kugwira ovaova, kuti ndisamaiyandikitse kwambiri kukamwa. Sanadabwe kundipeza pampando umenewo. Anangodikira lamulo monga wapolisi aliyense.

Wotchi ya pakhoma inati, "Mphindi imodzi yapita."

Ndinayang'ana pamapu. Sukulu inali kumtunda. Mkuyu unali kumunsi, mbali ina. Boti likatsikira kumtengo, pobwerera liyenera kulimbana ndi madzi, ndipo mafuta angatsale a ulendo umodzi wokha wa kusukulu. Ndinawerengera kawiri. Ndinawerengeranso kachitatu kuyambira kumapeto. Yankho silinasinthe.

"Bwana, ndilowere kuti?" anafunsa Dzoole.

"Dikira," ndinatero. Kenako ndinadinanso batani. "Sajeni, kodi mwadya?"

Cholembera chinasiya kunong'ona.

"Ndinamwa tiyi m'mawa, bwana. Mbatata ija ndinaisiya patebulo, ndimati ndidzadya pobwera. Ova."

Zinali zoona. Ndinaipeza pomwepo tsiku limenelo, itavindikiridwa ndi mbale.

Ndinawerama pamapu. Mkuyu unkaoneka, kamtengo kochepa ngati chala, ndipo panthambi pake panali kadontho kovala jekete la mvula lachikasu. Ndinayandikitsa chikhadabo kuti ndikanyamule.

"Kukhudza mapu n'koletsedwa," anatero mayi uja osadzutsa mutu.

Ndinavula chipewa n'kuchitchera kunsi kwa kamtambo kuti mvula isafike pamapu. Chinadzaza nthawi yomweyo n'kusefukira m'mikono mwanga.

"Mphindi ziwiri," inatero wotchi.

Ndinapita pafelemu ya chitseko ija, ovaova ili m'manja. Kuchokera pamenepo ndinawaona amuna anga ndi maso. Sanali patali, mwina kutalika kwa bwalo la mpira. Anakumbatira thunthu ndi dzanja limodzi, linalo litagwira ovaova pamwamba kuti isanyowe. Sanakalambe ngakhale pang'ono. Ndinazindikira kuti tsopano wamkulu ndine, ndawapitirira ndi zaka ziwiri.

Madzi a pafupi ndi chitseko ankaoneka osaya. Ndinaganiza kuti ndikhoza kuyenda, ndikawagwire dzanja, tibwerere limodzi. Ndinakweza phazi.

Nthawi yomweyo injini ya boti inazima. Ovaova inazizira m'dzanja langa. Malole awiri aja anaima pakati pa msewu pamapu. Chinthu chokhacho chimene sichinaime ndi madzi.

"Mukatuluka muno, Inisipekita, chipinda chino chitsala chopanda mawu." Anali Bwana Chikakuda, kuyankhula koyamba. "Dzoole sadziwa kolowera. Angokhala pakati pa madzi mpaka kuche."

"Inu musandiyankhule."

"Chabwino. Koma nanenso ndinaima pomwepo. Taonani pansi."

Ndinayang'ana. Pasimenti ya pakhomo panali phazi la munthu wamwamuna, lozama ngati analiponda simenti ikadali yaiwisi. Zala zake zinaloza kumtsinje. Panalibe phazi lachiwiri kutsogolo kwake.

Ndinabweza mwendo. Injini inaliranso.

Ndinatembenukira kwa mayi wa nyenyezi uja. "Munati n'zongoyerekeza."

"Inde."

"Ndiye ndikatumiza boti kumtengo, palibe afe."

"Palibe afe."

"Ndipo Sajeni abwera muno?"

"Alowera pakhomo lomwelo. Mudzawaona, mudzawagwira."

"Nanga inu?"

"Ife tingolemba."

"Mulemba chiyani?"

"Zimene mwachita."

"Mphindi zitatu," inatero wotchi.

Mtima wanga unali utapita kale kumtengo. Ndinkaona mmene alowere, madzi akuchucha m'jekete, akupukuta nkhope ndi chikhatho kuchokera pachipumi mpaka kuchibwano. Udindo ndinalibe nawo ntchito. Akanatha kutenga nyenyezi zonse, ndi yunifolomu yomwe, ine n'kutsala ndi mphindi imodzi yokha yoika mutu pachifuwa pawo.

Koma felemu ija inkaonetsa mbali zonse ziwiri. Nditapotoza khosi kumanzere ndinaona denga la sukulu, pafupi ngati ndingalikhudze. Anthu anakhala mothithikana pamalata oterera. Pakati pawo panali mayi wina atamangirira mwana kumbuyo ndi nsalu ziwiri, akumanganso mfundo yachitatu ndi mano. Ndinamudziwa. Masiku ano amagulitsa tomato pakhomo la msika wathu. Amandidziwa kuti ndine mkazi wa yani, ndipo ndikamadutsa amaimirira. Ine ndimazungulira khomo lakumbuyo kuti ndisamuone. Mwana wakeyo tsopano amathamanga pakati pa mabenchi. Padengapo anali akadali kakhanda, kamutu kakugwedera ndi mvula.

Pansi pawo khoma lachiwiri linapendekeka pang'onopang'ono n'kukhala pansi m'madzi ngati munthu wotopa. Denga linatsika mbali imodzi. Palibe anakuwa. Onse anangotembenuka n'kuyang'ana kwa ine.

Ndinadina batani. "Sajeni, inu mukuona bwanji?"

Ndinkafuna andimasule. Ndinkafuna anene kuti tumizani boti kusukulu, ine musandiganizire.

"Ine sukulu sindikuiona kuchokera pano, bwana. Woona zonse ndinu." Anakhosomola. "Koma ndikufuna kubwera kunyumba. Zimenezo zilembedwe. Ova."

Cholembera chinalemba.

Ndinabwerera patebulo. Ndinaima mowongoka, mapazi ali m'madzi ofika m'akakolo, ovaova ili patali pang'ono ndi kukamwa.

"Dzoole."

"Bwana."

"Lowera kusukulu. Yamba ndi ana, odwala ndi okalamba. Ukocheze mbali ya kummawa, kumene khoma likadali chiimire. Maulendo atatu. Usatembenukire kumunsi mpaka padenga patatsala popanda munthu."

"Ndamva, bwana. Ndanyamuka."

Sajeni akanatha kumva okha, poti ovaova zonse zinali pamzere umodzi. Komabe ndinaona kuti ayenera kumva kuchokera kwa ine.

"Sajeni Kapalamula, boti lapita kusukulu."

Ndinkamva madzi akuwomba mtengo.

"Ndamva, bwana. Ova."

Anthu a padenga anayamba kulowa pafelemu ija mmodzimmodzi, akuchucha. Aliyense ankagwada pang'ono, kuwomba m'manja mwaulemu kwa ondiyesa, n'kukakhala pansi motsamira khoma. Ndinkawawerenga mokweza, chifukwa ndiyo ntchito ya wolamula. Ulendo woyamba khumi ndi asanu ndi mmodzi. Wachiwiri khumi ndi asanu. Mayi wa tomato analowa ulendo wachitatu, womaliza pa onse. Anamasula mfundo zake zitatu, anaona kuti mwana akupuma, kenako anaimirira n'kundiyang'ana. Ulendo uno ndinalibe khomo lakumbuyo. Ndinamuyang'ana nanenso.

"Makumi anayi ndi atatu," ndinatero.

"Denga lapita, bwana," anatero Dzoole. "Mafuta nawo atha. Boti ndalimangirira kuphiri."

Mayi wa nyenyezi anadinda chidindo papepala. "Munachedwa ndi mphindi zinayi. Zotsatira mudzazimva. Mayeso atha, mutha kupita." Anasonkhanitsa mapepala ake n'kutuluka, anthu onse aja akumutsatira pambuyo mwakachetechete.

Tinatsala awiri. Bwana Chikakuda anadzuka, ndipo ndinaona kuti nawonso sanavale nsapato.

"Pali gawo lina limene sililembedwa papepala," anatero. "Tsiku lija boti litapita, sindinazimitse ovaova. Ndinakhala nawo amuna anu mpaka kumapeto. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani pamaliro."

"Ananena chiyani?"

"Anapempha kuti ndikuitaneni. Ndinatuma munthu, koma munali kutsidya, msewu utaduka. Ndiye anayankhula ndi ine poti panalibe wina." Anakoka mpando wawo n'kuutembenuzira kwa ine. "Lero mulipo. Khalani apa."

Ndinakhala. Mpandowo unali wofunda. Ndinafuna kunena kanthu kwa iwo, koma nditatembenuka anali atafika kale pakhomo la kukhonde. Anawerama pang'ono n'kutseka chitseko mosamala, monga amatsekera m'chipinda cha wodwala.

"Moto ndikadali nawo pang'ono," inatero ovaova. "Musautaye."

Ndinadina batani, koma sindinadziwe poyambira. Anayamba ndi amuna anga.

"Nangondo."

Palibe wina amanditchula dzina la mfunda wanga. Linapita nawo limodzi.

"Ndili pano, bambo a Tiyanjane."

"Madzi afika pachifuwa. Musandifunsenso za madzi. Ndiuzeni za kunyumba."

Ndinawauza za mwana wathu. Ndinati Tiyanjane, amene anamusiya ali ndi zaka zitatu, tsopano ali sitandade 3. Ndinati mano ake akutsogolo anamera ndi mpata pakati ngati awo. Therere amakana. Amaimba kwaya ya ana kutchalitchi, mokweza kuposa onse, ndipo nyimbo amaiphonya malo omwe ankaphonya iwo.

Anaseka. Kuseka kwawo kunadzaza chipinda chonse, mapu mpaka ananjenjemera.

"Amandikumbukira?"

Ndinafuna kunama, koma pa ovaova sitinama. "Amakumbukira kuti munkamunyamula pakhosi, iye atagwira makutu anu. Nkhope amaionera pachithunzi."

"Makutu akwanira," anatero. "Pitirizani."

Ndinawauza kuti tinasamuka m'nyumba ya kulaini ya apolisi ija, tili mu ina ya mawindo awiri kutsogolo. Kuti papaya amene anabzala anabereka zaka zitatu kenako anagwa ndi mphepo. Kuti njinga yawo ndinapatsa mng'ono wawo, koma belu ndinachotsa, lili m'kabati. Kuti ndinaphunzira kusintha babu ndekha, ndi kupha nkhuku, ndi kugona pakati pa bedi, ngakhale m'mawa ndimapezeka ndabwerera mbali yanga.

"Ee," ankatero. "Ee."

"Achemwali anu amati ndikwatiwenso."

"Inu mumati chiyani?"

"Ndimati ndamva."

"Ee."

Mayankho awo anayamba kufupika. Kenako ankabwera patalipatali. Sindinayang'ane pafelemu ija. Ndinayang'ana patebulo, ndi kupitiriza. Ndinawauza za mphaka amene anangobwera yekha n'kukhazikika. Za mayi awo, kuti maso akuvuta koma kumunda amapitabe. Ndikasiya batani ndinkamva madzi okhaokha, ndiye ndinaleka kulisiya. Ndinalipanikiza ndi chala chachikulu n'kumangoyankhula.

Ndinali pakati pofotokoza za tsiku limene Tiyanjane anabwera kusukulu nsapato imodzi itasowa, akuumirira kuti yapita yokha, pomwe ndinaona kuti tebulo palibe. Dzuwa linali litalowa pawindo mpaka pakhoma. Ndinali chogona, chibakera chili pafupi ndi kukamwa, chala chachikulu chitapanikiza chinzake mpaka kuwawa, ndipo pakamwa panga pankatulukabe mawu.

Tiyanjane anaima pakhomo la kuchipinda, atavala kale yunifolomu ya kusukulu, mswachi uli m'manja.

"Amayi, mukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi bambo ako," ndinatero. "Tadikira pang'ono, ndimalize kuwauza."